Breadboard kapena kuwotcherera: muyambire pati?

Mwagula batire ya 9V, LED (kababu kakang'ono) yofiira ndi resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) ya 470 ohms. Njira zozilumikizira zilipo ziwiri.

Pa breadboard, kabolodi kapulasitiki kokhala ndi timabowo tambiri, mumangosomeka miyendo ya zipangizozi m'timabowo. Timabowo tisanu ta mzere umodzi ndi tolumikizana kunsi kwake, ndiye kuwotcherera sikufunika. LED mukaitembenuza siyaka; izuleni, mwendo wautali uloze ku +, basi yayaka. Chotsani resistor ya 470 muike ya 1,000, muona kuwala kukuchepa pompo. Chokhumudwitsa n'chakuti ikagwedezeka pang'ono waya amasomoka, inu n'kutha ola lathunthu mukusaka vuto lomwe palibe.

Kuwotcherera ndi nkhani ina. Solder (waya wosungunula polumikiza) ya tini ndi mtovu imasungunuka cha pa madigiri Celsius 183 mpaka 190, ndipo chala chikakhudza nsonga ya soldering iron (chitsulo chowotcherera) simudzaiwala. Koma chimene mwalumikiza chimagwira zolimba, mutha kuchiika m'kabokosi n'kumayenda nacho. Kungoti magetsi akazima, chitsulocho changosanduka ndodo, pomwe breadboard imangofuna batire.

Kwa ine, woyamba kumene ayambire pa breadboard. Kuwotcherera akaphunzirire pa wailesi yakufa, poti ngakhale aipsereze palibe amene alire.