Pulse oximeter ya m'manja ya Lifebox: imagwira bwino ntchito, koma nambala yake isakhulupiridwe yokha

Pa zipangizo zonse zimene ogonetsa odwala amadalira pa nthawi ya opaleshoni, palibe chimene ndimachiona kukhala chofunika kuposa pulse oximeter, kachipangizo kopana chala kamene kamayeza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi ndi kugunda kwa mtima. Ndikuunika mtundu wachikasu wa m'manja umene bungwe la Lifebox lakhala likupereka m'zipatala zosowa zipangizo kuchokera mu 2011, patangopita chaka kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet atayerekeza kuti zipinda za opaleshoni zoposa 77,000 padziko lonse zinalibe chipangizo chotere.

Luso lake analitulukira ndi Takuo Aoyagi wa ku Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kuwala kwa mitundu iwiri kumadutsa m'chala, ndipo popeza magazi okhala ndi okosijeni wambiri amamwa kuwalako mosiyana ndi magazi operewera okosijeni, makina amasandutsa kusiyanako kukhala nambala yoonetsa peresenti ya okosijeni m'magazi.

Chimene ndimachiyamikira kwambiri pa mtundu umenewu ndi kulira kwake. Imalira nthawi iliyonse imene mtima wagunda, ndipo okosijeni akayamba kutsika mawu ake amatsikanso, kotero kuti wogonetsa amene maso ake ali pakhosi pa wodwala, akulowetsa chubu chopumira, amadziwa ndi khutu lokha kuti zinthu zayamba kuipa. Tizipangizo totchipa tongopana chala nthawi zambiri tilibe alamu yodalirika, choncho sitingalowe m'malo mwa iyi m'chipinda cha opaleshoni. Ili ndi batire yotchaja imene imathandiza magetsi akathima, imalandira zopanira za akuluakulu ndi za ana, ndiponso imaonetsa kamzere kovina motsatira kugunda kwa mtima. Kamzereko kakasokonekera chifukwa chala chazizira, magazi akuthamanga mofooka kapena wodwala akunjenjemera pamene akutsitsimuka, nambala imene ili pagalasi siyenera kutengedwa ngati yoona.

Ena amadabwa akamva kuti kafukufuku wamkulu wa ku Denmark, wofalitsidwa mu 1993 ndipo wokhudza odwala 20,802, anapeza kuti oximeter inkagwira kuchepa kwa okosijeni kowirikiza pafupifupi ka 19 poyerekeza ndi pamene sinagwiritsidwe ntchito, koma imfa sizinachepe. Ine sindiona kuti zimenezi zikuchotsa phindu lake, pakuti imfa zobwera ndi mankhwala ogonetsa zimachitika patalipatali moti n'zovuta kuziona kusintha ngakhale pa gulu lalikulu chotero, ndiponso chimene chimapulumutsa wodwala ndi zimene munthu amachita akamva chenjezo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika oximeter pa ndandanda wake wa mu 2008 wa zoyenera kutsimikiza opaleshoni isanayambe, ndipo linachita bwino.

Nkhani imene imandidetsa nkhawa ndi ya khungu. Mu 2020, Michael Sjoding ndi anzake a ku University of Michigan anayerekeza nambala za oximeter ndi zotsatira za magazi otengedwa mumtsempha, ndipo anapeza kuti pamene makina ankaonetsa pakati pa 92 ndi 96, okosijeni weniweni anali pansi pa 88 pa miyezo 11.7 mwa 100 iliyonse ya odwala akuda, poyerekeza ndi 3.6 ya odwala azungu. Kafukufukuyo sanayeze chipangizo cha Lifebox, koma popeza vutoli likukhudza momwe kuwala kumadutsira pakhungu, n'kwanzeru kuchenjera ndi oximeter ya mtundu uliwonse. M'chipinda cha odwala mwakayakaya, kumene kuwonjezera kapena kuchepetsa okosijeni kumatsatira nambala imeneyi, wodwala wakhungu lakuda amene akupuma mobanika pamene makina akuti 93 ayenera kuyezedwa magazi ngati n'kotheka.

Malire ena amaonekera popereka mankhwala owodzeretsa kwa munthu amene akulandira okosijeni m'mphuno. Oximeter siyeza kupuma, motero wodwala akhoza kusiya kupuma nambala ikadali pa 98 kwa kanthawi ndithu, ndipo apa pamafunika capnograph, yoyeza mpweya wotuluka, kapena maso osachoka pachifuwa. Oximeter imanyengekanso ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, n'kumaonetsa nambala yabwino kwa munthu amene wapuma utsi wa moto.

Oximeter ya Lifebox ndikuilimbikitsa ndi mtima wonse kwa chipatala chilichonse chimene chimagonetsa odwala, ndipo ikhalepo m'chipinda cha opaleshoni komanso m'chipinda chotsitsimukira, kumene odwala ambiri amaperewera okosijeni mankhwala asanathere m'thupi. Oitanitsa asaiwale zopanira zapadera, makamaka za makanda, chifukwa pa oximeter iliyonse ya chingwe, chopanira ndi chingwe chake ndizo zimayamba kutha makina akadali abwino.