Gatorskin ndi wabwino, koma shopu ija inandiwawitsa mtima

Matayala ndiwayamikira m'munsimu, koma ndiyambe ndi za shopu chifukwa mtima sunazizirebe. Ndinapita kukagula matayala awiri a njinga a Continental Gatorskin, a saizi ya 700x28. Mtengo mukuudziwa inu opalasa njinga, awiriwo amadutsa R1,000, ndipo kwa ife otumiza kangachepe kumudzi mwezi ndi mwezi imeneyi si ndalama yoseweretsa. Mnyamata wa pakauntala atangomva kalankhulidwe kanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundilondolera kwa matayala otchipa, ati amenewa ndi okwanira popita ku ntchito. Ndinamuuza kuti njingayi ndi ya mpikisano, ndikukonzekera mpikisano wa njinga wa kuno ku Joni wa 947 Ride Joburg wa mu Novembala. Iye kuseka. Ndinangomeza malovu, n'kulipira matayalawo pamodzi ndi ndalama yoikitsira.

Poika tayala lakumbuyo ndinkamuona akulimbana nalo ndi chitsulo chotsegulira, akukanikiza mwaukali uku akucheza ndi mnzake. Ndisanafike n'komwe pa maloboti achiwiri, tayala lija linali litaphweratu. Ndinabwerera wapansi ndikukankha njinga. Yankho lake? Ati mwaponda galasi, gulani chubu china. Tayala latsopano, logulidwa dala kuti lisabooke, lisanaone n'komwe fumbi! Ndinamupempha kuti atulutse chubucho tione limodzi, iye n'kukana, ati ali ndi makasitomala ena. Kodi ine sindinali kasitomala? Lisiti inali m'manja mwanga.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire wokonza njinga kuseri kwa shopuyo. Anandimva ndikung'ung'udza m'Chichewa, n'kutuluka akupukuta girisi m'manja. "Achimwene, tabweretsani kuno tione." Kumva mawuwo, ndinadziwa kuti ndi akwathu, ndipo pocheza anandiuza kuti kwawo ndi ku Mangochi. Anasolola chubu, kuchipopa pang'ono, n'kundionetsa pong'ambika: kamzere kakang'ono cham'mbali, kufupi ndi limu. Galasi limaboola pamwamba, pomwe tayala limagunda msewu. Apa panali potsinidwa ndi chitsulo basi. Anayendetsa chala mkati monse mwa tayala, osapeza kanthu. Anaika chubu china osandilipiritsa, ndipo tayalalo analilowetsa ndi zala zokha, atayamba akankhira milomo yake pakati pa limu pomwe pali pozama. Ndinati, "Bambo, mwandichotsa manyazi." Mnyamata uja sanapepese, ngakhale kundiyang'ana.

Tsopano za tayalalo. Amene mumapalasa kuno ku Joni mukudziwa zomwe Lamlungu m'mawa limatisungira: mabotolo osweka a Loweruka usiku, timawaya ta matayala a malole, maenje, ndi minga ija yomera m'mbali mwa msewu. Ndipo poti matakisi amatithinitsira kumphepete, n'komwe zinyalala zonsezi zimaunjikana. Matayala omwe anabwera ndi njinga anali atanditopetsa ndi kumata chubu.

Tsiku lomwe ndinakhulupirira Gatorskin tinali pa msewu wa Beyers Naudé, gulu lathu la Amalawi, tikulowera ku Cradle, dera la kunja kwa Joni. Dzuwa linali lisanatuluke bwino, ndipo wotsogola anachedwa kutikodola. Tonse tinalowa m'magalasi obiriwira omwazika pamsewu, kumangomva khirichi khirichi pansi. Pasanapite nthawi anzanga awiri anali ataima, wina kutsogolo, wina kumbuyo kutaphwa. Ine ndinatsika mtima uli m'mwamba, n'kuzungulitsa gudumu pang'onopang'ono. Chidutswa cha botolo chinali chitazika ndithu mu labala, nsonga yake ikunyezimira. Ndinachitokosola ndi pini, ndikudikira kumva mpweya ukutuluka. Zii. Ndinapaka malovu pabowopo, palibe thovu. Ndinamaliza ulendo wonse, zitunda za ku Cradle zija, mpweya uli momwemo. Chipsera chilipo mpaka lero, koma galasilo linathera pa nsalu yolimba ya pansi pa labala, imene Continental amaitcha PolyX Breaker. M'mbali namonso muli ulusi wina woteteza, DuraSkin, uja wooneka wofiirira, ndipo umathandiza miyala ikakhula tayala cham'mbali.

Koma musayembekezere zonse m'tayala limodzi. Tayala lililonse lolimba chonchi limalemerako, silifewa, ndipo mumamva msewu m'manja ndi m'chiuno. Labala wolimba sagwiranso phula lonyowa ngati wofewa, choncho mvula ija ya masana ya kuno ikagwa, pokhota ndimachepetsa liwiro. Izi ndinkazidziwa pogula ndipo sindidandaula. Pokonzekera mpikisano kulemerako n'kwabwino, miyendo imakhwima.

Pa tsiku la mpikisano ndimavula Gatorskin n'kuika tayala lina la Continental, la Grand Prix 5000. Kusiyana kwake kumamveka mukangopalasa kawiri: njinga imapepuka ngati mwatula mtolo wa nkhuni. Nalo lili ndi chotetezera chake cha Vectran, koma m'mbali ndi lopyapyala, ndiye kulithera m'magalasi a tsiku ndi tsiku n'kutaya ndalama. Pa 947 misewu imakhala yotsekedwa, mumayenda pakati pomwe pali poyera, osati kumphepete, ndipo pa mtunda wa makilomita oposa 90 mphamvu iliyonse yosungika imaoneka pa zitunda zomaliza. Anzanga ena analowa tubeless, yopanda chubu, ya mankhwala otseka okha timabowo, ndipo pa minga imagwiradi ntchito. Ine malimu anga ndi akale, salola zimenezo.

Za kukula kwake, ndinasankha la mamilimita 28 m'lifupi m'malo mwa 25 ndipo ndinachita bwino. Tayala lalikulupo limalola mpweya wocheperako, ndiye kuuma kuja kumachepa. Onetsetsani kaye kuti felemu ndi mabuleki anu ali ndi malo, chifukwa njinga zina zakale 28 salowa. Komanso musachepetse mpweya mopitirira, mukagunda dzenje chubu chimatsinidwa ndi limu n'kubooka pawiri, ndipo pamenepo nsalu yoteteza ija ilibe chochita. Ine ndimapopa ulendo uliwonse ndisananyamuke, ndipo pobwera ndimatokosola timagalasi totsalira mu labala, chifukwa tikakhalitsa timalowa pang'onopang'ono mpaka kukafika pa chubu.

Tayalali ndikulipatsa nyenyezi zisanu pa zokonzekera. Shopu ndinafuna kuipatsa imodzi, ndipo ndinali nditalumbira kuti phazi langa silidzapondakonso. Koma ndinapitanso masabata apitawa kukawongoletsa gudumu, molunjika kuseri kwa bambo aja, ndipo ntchito yawo ndi yaukhondo. Chifukwa cha iwo ndikuipatsa zitatu. Mukapitako musalole wa pakauntala kukhudza njinga yanu, funsani makaniko wachikulire, ndipo poika tayala muime pomwepo muziona.