Delaware kapena Wyoming: kampani yanu muilembetse kuti?

Anzathu ambiri ogwira ntchito pa intaneti amalembetsa kampani ya mtundu wa LLC (yomwe ngongole zake sizikhudza chuma cha mwini wake) ku America chifukwa Stripe, njira yolandirira malipiro pa intaneti, sigwira ntchito ku Malawi. Akafika posankha chigawo, dzina lomwe aliyense amawauza ndi Delaware. Ine ndikuti taimani kaye.

Mbiri ya Delaware si yabodza. Mwa makampani 500 akuluakulu a ku America, oposa theka analembetsedwa kumeneko, ngakhale ambiri alibe fakitale m'chigawocho. Chimawakoka ndi khothi lotchedwa Court of Chancery, lomwe linakhazikitsidwa mu 1792. Kumeneko milandu ya makampani imagamulidwa ndi oweruza ozama pa malamulo a bizinesi, popanda gulu la anthu wamba lothandiza kugamula. Khothili siliyang'ana nkhope: mu Januwale 2024 linathetsa mgwirizano wa malipiro a Elon Musk, mkulu wa kampani ya magalimoto ya Tesla, ndipo chaka chomwecho Tesla inakalembetsa ku Texas. Ngati mukufuna kuti anthu a ndalama adzagule masheya m'kampani yanu, pitani ku Delaware, ndi komwe iwo amakukhulupirira.

Koma ngati muli nokha, inu ndi laputopu yanu, mudzakanganirana masheya ndi ndani? Khothi lotchukalo simudzaliponda, pomwe msonkho wa LLC, umene kwa zaka zambiri wakhala madola 300, umafunika pofika pa 1 Juni chaka chilichonse, mwagulitsa kapena simunagulitse.

Wyoming ndi chigawo choyamba kukhazikitsa lamulo la LLC, mu 1977. Kuli anthu osakwana 600,000, ndipo boma limadalira kwambiri malasha a ku Powder River Basin, mafuta ndi gasi. N'chifukwa chake silidula msonkho pa malipiro a munthu kapena pa phindu la kampani. Kulembetsa ndi madola 100, ndipo lipoti la pachaka la kampani yaing'ono ndi madola 60. Kwa wabizinesi wamng'ono, kusiyana kumeneku si kwamasewera, ndipo ine ndimasankha Wyoming.

Konse kuwiri mudzalipira munthu wokhala m'chigawocho wolandira makalata a boma m'malo mwanu. Ndipo chonde, abale, musaiwale IRS, bungwe lotolera misonkho la boma la America. LLC ya mwini mmodzi wakunja kwa America imayenera kutumiza ku IRS fomu yotchedwa Form 5472 chaka chilichonse chomwe ndalama zayenda pakati pa iye ndi kampaniyo, ngakhale zongolembetsera. Chindapusa cholephera kutumiza ndi madola 25,000.