Nazale ya zitsamba panjira ya ku Likuni

Ngati mukufuna kudzala zitsamba pakhomo, pitani kwa mayi ena amene ali ndi nazale yaing'ono m'mbali mwa msewu wa ku Likuni. Chikwangwani palibe, mudzangoona machubu akuda atandandalikidwa pansi pa shedi ya udzu.

Ine ndinatenga chammwamba, lemon grass, mpungabwi ndi tsabola wa kambuzi, ndipo zonse zinagwira. Koma chimene chimandikokera kumeneko ndi mayiwo. Asanakupatseni mbande amayamba afunsa kuti dothi la kwanu ndi lotani. Atamva kuti kwathu madzi amadikha nthawi ya dzinja, anandiuza kuti chammwamba ndichidzale pamtumbira chifukwa mizu yake imawola ikakhalitsa m'madzi. Kenako anandikokera pa mtengo wawo n'kundionetsa pamene anadula nsonga utangofika m'chiuno. Ukausiya osadula umangothamangira kumwamba, masamba n'kumalephera kuwafikira. Wawowo ndi wamfupi, nthambi zili mbwee. Masamba ake amati muziyanika pamthunzi kuti asataye mphamvu, akauma musinje ndi kusefa. Ufa umenewu kwathu timathira m'phala, ndipo masamba aawisi timatendera ngati mmene timachitira ndi bonongwe.

Tsiku lina ndili pomwepo kunabwera bambo wina akufuna mbande ya artemisia, chitsamba chimene ena amamwa poti achize malungo, ati mwana wawo watentha thupi. Mayiwo sanawagulitse. Anawauza kuti athamange naye kuchipatala akamuyeze malungo, akapezeka nawo alandire LA, zodzalazo adzabwerere tsiku lina. Apa ndiye anandigwira mtima. Tazolowera ogulitsa m'mabasi amene botolo lawo limodzi akuti limachiza shuga, BP, zilonda za m'mimba ndi china chilichonse, anthu mpaka kusiya mankhwala a kuchipatala. Munthu wokana ndalama chifukwa cha moyo wa mwana wa mnzake sapezeka wamba.

Chodandaulitsa n'chakuti machubu alibe mayina, ndiye mukatenga mbande zambiri funsani bwinobwino musanachoke, poti zina zikadali zazing'ono zimafanana. Ndalama za pafoni salandiranso, nyamulani za m'manja.

Nthawi yabwino kupita ndi November, mvula isanakhazikike. Mufunsenso mbewu ya chidede, amaisunga m'botolo ndipo imatha msanga.