Miyezi itatu ndi kampani yoyambitsa kutsatsa malonda pa intaneti: nyenyezi 3 mwa 5

Ndimasoka zikwama za nsalu, ndipo pafupifupi onse ondigula amandipeza pa intaneti. Kwa zaka ziwiri ndinkangoponya zithunzi pa Facebook ndi pa Instagram, chithunzi china chikandikomera n'kudina batani la Boost, lomwe umalipira kuti chithunzicho chionekere kwa anthu ambiri. Ma like ankabwera ndithu, koma zikwama zili phee pa shelefu. Nditatopa, ndinalipira kakampani kena kamene kamathandiza amalonda ang'onoang'ono kuyamba kutsatsa molipira. Tinagwirizana miyezi itatu: andikonzere akaunti, ayendetse zotsatsa pa Facebook, Instagram ndi Google, komanso andipezere ma influencer awiri, anthu a omutsatira ambiri pa intaneti amene umawalipira kuti aonetse katundu wako. Dzina lawo sinditchula, chifukwa zina zimene ndilembe pano siziwakomera.

Ndiyambe ndi zimene anachita bwino, poti zilipo. Tsiku loyamba, mayi amene anandipatsa kuti azindithandiza anandifunsa kuti, "Munthu akaona malonda anu, mukufuna achite chiyani?" Ine ndinati achite nawo chidwi. Iwo anaseka, n'kundiuza kuti vuto langa lonse lagona pomwepo. Makina a Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram, amakufunira anthu amene angachite chimene wapempha. Ukapempha ma like, akupezera anthu okonda kudina like, ndipo anthu otere ndi ambiri, koma sikuti onse ali ndi maganizo ogula. Anandichotsa pa Boost n'kundilowetsa mu Ads Manager, malo a Meta oyendetsera zotsatsa, momwe zinthu zili m'magawo atatu. Pa campaign umasankha cholinga, pa ad set umasankha anthu oti aone, bajeti ndi masiku, ndiye pa ad m'pamene umaika chithunzi kapena kanema ndi mawu ake. Ife tinasankha kuti munthu akadina azifikira pa WhatsApp yanga, chifukwa kasitomala wa chikwama amafuna afunse kaye kukula kwake ndi mtundu wa nsalu asanatulutse ndalama.

China chimene chinanditsegula mutu ndi chakuti malo otsatsira sagulidwa ngati tsamba la nyuzipepala. Nthawi iliyonse munthu akatsegula foni yake, pamachitika kamsika ka okishoni m'kuphethira kwa diso, ndipo wopambana si wongolonjeza ndalama zambiri ayi. Amaonanso mwayi woti munthuyo achitadi chimene ukufuna, komanso ngati chotsatsa chakocho ndi chabwino. Umboni ndinauona ndekha. Akampaniwo anandipangira chithunzi chokongola, chamalemba onyezimira, ine n'kuwonjezera kakanema kojambula ndi foni kongoonetsa manja anga akusokerera zipi. Kakanemako n'komwe kanabweretsa mauthenga ambiri, pa ndalama zochepanso.

Pamene tinalimbana kwambiri ndi pa sabata yoyamba. Ine m'mawa uliwonse ndinkafuna kusintha kenakake, mwina mawu, mwina msinkhu wa anthu oona, mwina bajeti. Mayi aja ankandigwira dzanja. Chotsatsa chikangoyamba chimalowa m'nyengo imene amaitcha learning phase, pomwe makina amakhala akuyesa anthu osiyanasiyana, ndipo amafuna zotsatira pafupifupi 50 pa masiku 7 kuti akhazikike. Ukasintha chinthu chachikulu, kuphunzirako kumayambiranso. Ndiye ine ndi bajeti yanga yochepa ndinkafunanso kuigawa m'magulu asanu, kutanthauza kuti palibe gulu likanafika pa 50 paja. Anaphatikiza onse kukhala gulu limodzi n'kundiuza kuti ndisakhudze. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sabata yachiwiri mtengo wa uthenga uliwonse unatsikadi.

Anandiphunzitsanso kuwerenga manambala. CPM ndi zimene umalipira malonda ako akaonekera ka 1,000, CPC ndi zimene umalipira munthu akadina kamodzi. Koma mayi aja anandiuza kuti ndigule kope, ndipo aliyense wogula ndizimufunsa kumene anandionera. Poyamba ndinaona ngati zachikale. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira mu April 2021, pamene Apple inatulutsa iOS 14.5, eni iPhone amafunsidwa ngati akulola kuti mapulogalamu aziwatsatira, ndipo ena amakana, choncho ena mwa manambala a m'lipoti amakhala ongoyerekeza. Kope langa silinama. Anandionetsanso Meta Ad Library, yaulere, momwe umatha kuona zotsatsa zimene tsamba lililonse likuyendetsa pa nthawiyo. Ndinathera usiku wonse ndikusuzumira anzanga ogulitsa zikwama.

Za Google sindichulutsa. Kumeneko umalipirira mawu amene anthu akufufuza, ndiye kumakomera amene katundu wake anthu amamufunafuna kale. Ndalama zanga zina zinapita kwa anthu ofufuza mmene angasokere chikwama okha kunyumba. Pali njira yotsekera mawu otere, ya negative keywords, koma akampaniwo anaikumbukira patatha masabata atatu, ine nditafunsa. Tinasiya mwezi usanathe.

Tsopano ma influencer, komwe nyenyezi ziwiri zija zathothokera. Woyamba anali ndi omutsatira miyandamiyanda, ndipo akampaniwo anamusankha pa chifukwa chimenecho basi. Sanamupemphe kuti aonetse Insights za tsamba lake, momwe mumaoneka kumene omutsatira amakhala, misinkhu yawo, ndi kuchuluka kwa amene amaonadi zimene waika. Ine ndinadzapita pa ndemanga za pansi pa zithunzi zake ndalama zitapita kale. Zinali timitima ndi timoto tokhatokha, zambiri zochokera ku maakaunti opanda ngakhale chithunzi. Chikomekome cha mkuyu. Anachedwa masiku anayi, ndipo m'malo moika chithunzi chokhalitsa anaika pa Story, imene imazimiririka pakatha maola 24. Nditadandaula, anandiuza kuti mgwirizano sunanene poti aike. Ndinauwerenganso, ndipo sankanama. Pepalalo linalembedwa ndi akampani, ndiye mlandu ndi wawo, ngakhale nanenso ndinasaina ndi maso otseka.

Influencer uja sanaikenso chizindikiro cha Paid partnership, chimene Instagram imafuna munthu akalipidwa kuti atsatse katundu. Ena amaiona ngati nkhani yaing'ono, koma ku America bungwe la FTC ndi ku Britain bungwe la ASA amatsatira kwambiri zoti wotsatsa aziulula kuti walipidwa, ngakhale atangopatsidwa katundu waulere. Kwa ine nkhani ndi yoti sindifuna kasitomala adzamve ngati ndinamupusitsa.

Wachiwiri ndinamusankha ndekha nditakana amene anandibweretsera. Ndi mtsikana wa omutsatira osafika 10,000, gulu lomwe amalitcha ma nano influencer. Ndinakopeka chifukwa anthu amamufunsa mafunso enieni pa tsamba lake, iye n'kumayankha mmodzimmodzi. Anayenda ndi chikwamacho masabata awiri asanajambule, ndipo m'kanema mwake ananena mosabisa kuti lamba wa chikwamacho ndi wamfupi kwa munthu wamtali. Mtima wanga unagunda nditamva, koma anthu anamukhulupirira chifukwa cha mawu omwewo, ndipo lambayo ndinamutalikitsa. Aliyense wa awiriwa tinamupatsa mawu akeake oti wogula atchule kuti achotseredwe mtengo. M'kope langa, mawu a wotchuka uja analembedwa kawiri kokha. A mtsikanayu anadzaza tsamba.

Kenako ndinafuna kuti kanema wakeyo timuyendetse ngati chotsatsa cholipira, n'kupeza kuti mgwirizano sunanene kalikonse za ufulu wogwiritsanso ntchito kanemayo. Ndinakambirana naye pandekha n'kumuwonjezera ndalama, zomwe zinali zoyenera poti ntchito ndi yake. Koma munthu amene umamulipira kuti akutsogolere amayenera kuziona zimenezi pasadakhale.

Chomaliza chimene ndichenjeze anzanga: poyamba akampaniwo ankafuna kuyendetsa zotsatsa zanga pa akaunti yawo. Ndinakana, ndipo ndinachita bwino, chifukwa tikanasiyana mbiri yonse ya zotsatsa zanga ikanatsalira kwa iwo. Akaunti ikhale m'dzina lanu, iwo muwapatse chilolezo cholowa, chimene mungachichotse tsiku lililonse. Mwezi wachitatu mayankho awo anayamba kuchedwa, nthawi zina masiku awiri, ndipo malipoti awo ankatsogoza chiwerengero cha anthu amene aona, cha ogula n'kukhala kumapeto m'timalemba ting'onoting'ono.

Kodi ndingawatumizire munthu? Ngati simunalowepo mu Ads Manager, mwezi umodzi ndi mayi aja ndi wokwanira, ndipo simudzadandaula. Za ma influencer yendani nokha. Ine mgwirizano sindinawonjezere. Pano ndikuyendetsa campaign imodzi yokha, ya WhatsApp, ndipo mtsikana uja ndamutumizira kale chikwama cha lamba wamtali kuti ayambe kuyenda nacho.