Man-to-man, zone kapena press: mutchinge bwanji mu Hoops Dynasty?

Mu Hoops Dynasty, gemu ya pa intaneti ya WhatIfSports imene munthu amakhala kochi wa timu ya basketball ya pakoleji ku America, mpira simuugwira ngakhale kamodzi. Ntchito yanu ndi kusaka osewera, kugawa mphindi zokonzekera ndi kukonza dongosolo la gemu, kenako kompyuta imaseweretsa matimu awiriwo n'kukupatsani zotsatira. Pa nkhani yotchinga pali njira zitatu zikuluzikulu: man-to-man, zone ndi fullcourt press. Akochi atsopano ambiri amasankha potengera timu imene amaikonda pa TV, ndipo mavuto amayambira pomwepo, chifukwa njira iliyonse imafuna mtundu wakewake wa osewera, komanso mukaisankha mumakhala nayo masizoni angapo.

Musanaone china chilichonse, werengani anthu amene muli nawo. Gemu ya pakoleji ndi ya mphindi 40, zigawo ziwiri za mphindi 20, ndipo m'bwalo mumakhala anthu 5. Ndiye kuti pali mphindi 200 zoti mugawe. Timu imakhala ndi malo 12. Ngati onse 12 ndi oti mungawadalire, aliyense asewera mphindi pafupifupi 17. Ngati odalirika ndi 10, ndi mphindi 20 aliyense. Akakhala 8, poti ena anayiwo ndi ma walk-on ongodzazira malo kapena anyamata a chaka choyamba amene sanakhwime, aliyense ayenera kusenza mphindi 25. Masamu amenewa ndi amene ayenera kukusankhirani katchingidwe, mtima ubwere pambuyo.

Tiyambe ndi press, poti ndi imene imakopa anthu kwambiri. Apa timu imapanikiza adani kuchokera pomwe akuyambitsira mpira mpaka bwalo lonse, cholinga chake n'kulanda mpira usanafike pa ringi yanu. M'masewera enieni, Nolan Richardson anatenga nayo chikho cha dziko lonse ndi Arkansas mu 1994, ndipo Shaka Smart, amene anafikitsa VCU mu Final Four (matimu anayi otsala pa mpikisano wa dziko lonse) mu 2011, anatchuka ndi kupanikiza komweku. Mu gemu muno phindu lake limaonekera pa mzere wa ma turnover, kutanthauza mipira imene timu yataya isanaponye. Mpira uliwonse umene mwalanda ndi mwayi umodzi woponya umene adani ataya, ndipo inu mwaupeza. N'chifukwa chake timu ya press imatha kupambana ngakhale itaponya mophonyaphonya kuposa anzawo: imangoponya kambiri.

Koma mtengo wake ndi wowawa, ndipo umalipidwa pawiri. Choyamba ndi kutopa. Gemu imaonetsa mphamvu za wosewera m'magawo asanu: Fresh, Fairly Fresh, Getting Tired, Tired ndi Very Tired. Wosewera akamatsika m'magawo amenewa, manambala onse oonetsa luso lake, monga Speed ndi Defense, amagwira ntchito mochepa, ndipo press imamutsitsa msanga kuposa njira zinazo. Chachiwiri ndi mafaulo. Munthu akachita mafaulo 5 watuluka. Timu ikafika pa mafaulo 7 m'chigawo chimodzi, adani amayamba kuponya ma free throw a one-and-one (ukachinya woyamba ndi pomwe umaponya wachiwiri), ikafika pa 10 amaponya awiriawiri. Zoipa ziwirizi zimadyetsana: wotopa amachedwa phazi n'kuchita faulo, akakhala pa benchi mnzake amasewera mphindi zambiri, nayenso n'kutopa.

Mukafuna kuona timu ya press ikugwa, tsegulani play-by-play (ndondomeko ya zonse zochitika, mzere ndi mzere) ya gemu imene inali ndi anthu 9 okha odalirika. Chigawo choyamba zonse zili bwino, akutsogola ndi mapointi 8. Kenako center wachita faulo yachitatu, wolowa m'malo mwake wakhalitsa m'bwalo mpaka ali wefuwefu pa Tired, ndipo mphindi 6 zomaliza mizere ya play-by-play ikungonena faulo, free throw, faulo, free throw. Dongosolo la gemu linalibe vuto. Vuto linachitika kale pa nthawi yosaka osewera, pomwe malo atatu anasiyidwa opanda anthu enieni.

Choncho wofuna press asake anthu a Speed, Athleticism, Defense ndi Stamina, pamalo onse asanu, ngakhale ataliatali a pansi pa ringi. Center wolemera miyendo amene angakhale chipilala mu zone, mu press amangosonkhanitsa mafaulo. Pa depth chart, mndandanda wa oyamba ndi olowa m'malo mwawo, ikani kuti anthu azituluka akafika pa Fairly Fresh, ndipo malo aliwonse akhale ndi mayina atatu kapena anayi, kuti kompyuta isasowe womulowetsa. Dziwaninso kuti mu fullcourt press mulibe mwayi wouza anthu awiri kuti amake munthu mmodzi (double team), ndiye mukakumana ndi timu yodalira katswiri mmodzi, chida chimenecho mulibe. Ndipo mukaphatikiza press ndi fastbreak (kachinyidwe kothamanga) kapena kuthamangitsa gemu pa uptempo, kutopa kumawirikiza. Zimenezo n'za timu yodzadza anthu 12 a Stamina yabwino basi.

Ku Division III ndi Division II, magawo apansi a matimu a pakoleji, komwe ma guard ambiri ali ndi Ball Handling ndi Passing yotsika, press imadya bwino kwambiri. Mukakwera n'kukumana ndi matimu akuluakulu a Division I okhala ndi ma guard aliwiro odziwa kusunga mpira, ma turnover amachepa koma mafaulo ndi kutopa zimakhalapobe. Apo mumalipira mtengo wonse n'kulandira theka la katundu.

Zone ili kumbali inayo. Aliyense amayang'anira dera lake m'malo motsatira munthu. Siitopetsa kwambiri, mafaulo amachepa, ndiye timu ya anthu 8 kapena 9 imatha kumaliza gemu miyendo idakali ndi mphamvu. Phindu lalikulu lagona pamenepa, ndipo anthu ambiri saliona: popeza simukufunika kudzaza malo onse 12, ndalama zosakira osewera mungaziunjike pa akatswiri awiri kapena atatu m'malo mozimwaza pa anthu asanu wamba. Akatswiriwo amaseweranso mphindi zambiri pa gemu iliyonse. Jim Boeheim, amene anaphunzitsa Syracuse kuyambira 1976 mpaka 2023 n'kutenga chikho mu 2003, ankadziwika ndi zinthu ziwiri zomwezi: 2-3 zone (awiri kutsogolo, atatu pansi pa ringi) ya anyamata a mikono italiitali, ndi kudalira anthu ochepa amene ankasewera pafupifupi gemu yonse.

Mu zone, gemu siyang'ana munthu mmodzi payekha. Imaphatikiza manambala a otchinga n'kuwagawa. Tinene kuti muli ndi shooting guard woponya bwino, Perimeter 90, koma Defense yake ndi 35, ndipo point guard wanu ali ndi Defense 85. Mu man-to-man, munthu amene akumakidwa ndi wa 35 uja adzachinya mmene akufunira, ndipo kochi wanzeru wa timu inayo adzasunthira katswiri wake pamalo omwewo. Mu zone awiriwo amakhala ngati anthu awiri a 60. Chibowo chatsekeka. Koma onani mbali inayo: wa 85 uja watsitsidwanso. Ngati timu yanu ili ndi otchinga abwino okhaokha, zone siikupatsani chimene man-to-man ikanakupatsani, chifukwa palibe womubisa.

Pa gemu iliyonse mumasankha 2-3 kapena 3-2, ndipo chosintha ndi small forward. Mu 2-3 amatsikira pansi kukathandiza ataliatali. Mu 3-2 amakwera kukaima ndi ma guard. Timu yodalira kuponya za mapointi atatu muipatse 3-2, yodalira kulowa mkati ndi Low Post muipatse 2-3. Cholakwika chofala n'kusintha mawonekedwewa osayang'ana amene waima pa small forward. Ngati ndi munthu wa Rebounding ndi Shot Blocking koma Speed yochepa, mu 3-2 akutsitsa liwiro la mzere wakutsogolo. Ngati ndi guard amene munangomukankhira pamenepo, mu 2-3 akufooketsa pansi pa ringi. Timu ya zone yokonzedwa bwino imakhala ndi anthu awiri osiyana pamalo amenewa, wina wa 2-3, wina wa 3-2, ndipo depth chart imasinthidwa pamodzi ndi dongosolo la gemu.

Kufooka kwa zone kuli pa ma rebound ndi ma turnover. Popeza palibe amene ali ndi munthu wakewake womutsekereza mpira ukagunda ringi, adani amatola yambiri n'kuponyanso. Mpira simulandanso kawirikawiri. Ndiye mukaona box score (ziwerengero za gemu) ikuonetsa kuti adani anaponya mophonya koma anapambanabe, yang'anani ma offensive rebound awo. Kawirikawiri yankho lili pamenepo. Mankhwala ake ndi kusalekerera pa Rebounding posaka power forward ndi center, ndiponso kulemekeza Shot Blocking, imene mu zone imagwira ntchito yaikulu kuposa mu press. Mu 3-2 vutoli limakula chifukwa pansi patsala anthu awiri okha.

Man-to-man ili pakati pa ziwirizi pa kutopa, pa mafaulo ndi pa kulanda mpira, ndipo imafuna anthu pafupifupi 10. Point guard amamaka point guard, center amamaka center, motero. Ubwino wake ndi woti imawerengeka. Wina wa adani akachinya mapointi 28, mukudziwa amene amamumaka, ndipo mukudziwa chochita: gemu yotsatira sunthani wotchinga wanu wabwino kwambiri pa depth chart kuti akaime pamalo a munthu ameneyo, kapena muikireni double team. Pa ma rebound ilinso bwino kuposa zone. Koma siikhululuka. Wofooka mmodzi mwa asanu oyamba amaonekera poyera, ndipo mu conference (gulu la masukulu amene mumapikisana nawo) yokhala ndi akochi enieni, osati kompyuta, amene mumakumana nawo sizoni ndi sizoni, adzamupeza. Wosankha man-to-man akuvomera kuti sadzatenganso wosewera wa Athleticism ndi Defense yotsika, ngakhale aziponya bwino chotani.

Kwa kochi amene wangoyamba, ife timalangiza man-to-man, chifukwa imaphunzitsa gemu: cholakwa chilichonse chimakhala ndi dzina la munthu. Amene wamaliza masizoni angapo ku Division III ndipo amadzaza malo onse 12 chaka ndi chaka, press idzamupatsa zipambano zambiri. Zone ndi ya kochi wa sukulu yaing'ono amene akulimbana ndi zikuluzikulu pa osewera ochepa abwino, ndiponso wa ku Division I amene akatswiri ake amachoka msanga kupita ku draft, komwe matimu olipira amasankha osewera, n'kumusiyira mipata.

Kaya mwasankha iti, pali nambala ina yoikidwa pa gemu iliyonse, kuyambira -5 mpaka +5. Kumbali ya minus otchinga amabwerera kufupi ndi ringi: ma rebound amachuluka, kulowa mkati kumavuta, koma oponya patali amapeza mpata ndipo mafaulo amakwera. Kumbali ya plus ndi mosemphanitsa. Man-to-man yoikidwa pa -2 kapena -3 ikufanana ndi maganizo a pack line imene Tony Bennett anatengera chikho ndi Virginia mu 2019: tsekani mkati, adani aponyere patali wina atawakwezera dzanja. Poika nambalayi musangoyang'ana kuti adani amachinya bwanji za mapointi atatu. Gawani kuchuluka kwa mipira ya mapointi atatu imene amaponya ndi mipira yonse imene amaponya. Timu yoponya 8 mwa 55 siyofunika kuituluka kunja ngakhale itamachinya theka la imeneyo. Yoponya 24 mwa 55 muitulukire. Musaunjikenso mankhwala amodzi kawiri: 3-2 pa +4 imasiya pansi pa ringi pali mbee, ndipo press pa -5 ndi kuitana mafaulo. Double team nayo isamaperekedwe mwachisawawa, chifukwa imasiya munthu wina ali yekha. Imathandiza pokhapokha ngati katswiriyo akuchinya gawo lalikulu la mapointi a timu ndipo anzake ndi ofooka poponya.

Palinso njira zosakaniza, halfcourt press ndi man-to-man kapena ndi zone. Zimawonjezera ma turnover pang'ono popanda kutopetsa ngati fullcourt press, koma osewera ayenera kudziwa njira zonse ziwiri, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya IQ imalowera. Wosewera aliyense ali ndi giredi ya IQ, yoonetsa mmene akuidziwira njira iliyonse, kuyambira F mpaka A+, ndipo imakwera ndi mphindi zokonzekera komanso kusewera. Mphindi zokonzekera ndi 130 zokha. Akochi ambiri amaika 20 kapena 25 pa kachinyidwe ndi zomwezo pa katchingidwe, zotsalazo n'kupita ku luso la munthu payekha ndi ku study hall (nthawi ya maphunziro a m'kalasi). Njira yachiwiri yotchingira imadya mphindi zina 15 kapena 20 zimene zikanakweza Defense, Rebounding ndi Conditioning ya aliyense. Timu ya achinyamata isayerekeze.

IQ yomweyi ndi imene imachititsa kuti kusintha njira pakati pa sizoni kukhale kodzipweteka. Anyamata a chaka chachitatu ndi chachinayi amene afika pa A mu man-to-man, mukawauza mawa kuti asewere press imene sanaikonzekerepo, abwerera pansi penipeni, ndipo mafaulo ndi mipata zidzachuluka nthawi yomweyo. Ngati mwatsimikiza kusintha, yambani sizoni imodzi pasadakhale: ikani mphindi 10 pa njira yatsopano uku mukusewerabe yakale, sakani osewera oyenera njira yatsopanoyo, ndipo posaka yang'anani amene anabwera kale ndi IQ yake kuchokera ku high school. Sinthani kwenikweni chaka chimene ma senior (a chaka chachinayi) ambiri amaliza sukulu, ndipo magemu 10 oyambirira a kunja kwa conference muwagwiritse ntchito pokwezera IQ, kuti pofika magemu 16 a mu conference asanu anu oyamba akhale atafika pa B.