Chithandizo cha ana a otizimu chodzera pafoni: zimene taona kuno ku Kasungu patatha miyezi 8

Lachiwiri lililonse madzulo ndikaweruka kuntchito, ndimatsamiritsa foni yanga pa njerwa ziwiri pakhonde, ndipo katswiri wina amene ali ku Lilongwe amationerera ine ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 4 tikusewera pamphasa kwa mphindi 45. Tachita zimenezi kwa miyezi 8, ngakhale kuti posachedwapa tachepetsa masiku, ndipo popeza makolo angapo akhala akundifunsa kutchalitchi ndi kusikelo ngati ndalama zimene timalipira zikupindula, ndaganiza zolemba maganizo anga onse pamalo amodzi. Dzina la kiliniki imene imatithandiza komanso la kampani ya inshuwalansi ya kuntchito kwathu sinditchula, chifukwa pali zina zimene ndikudandaula nazo.

Dokotala wa ana ku Lilongwe anatiuza kuti mwana wathu ali ndi otizimu ali ndi zaka 3. Pa nthawiyo sankatchula mawu alionse, akafuna madzi ankandikoka dzanja mpaka pa ndowa, tikadutsa pafupi ndi chigayo ankatseka makutu n'kudzigwetsa pansi, ndipo ankatha ola lathunthu akundandalika zitsekerero za mabotolo. Achibale ena ankanena kuti walodzedwa, ena ankati ndi katemera, koma dokotalayo anatifotokozera kuti otizimu imachokera m'mene ubongo umakulira, kuti katemera sayambitsa vutoli, ndiponso kuti palibe mankhwala oichiza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi otizimu, choncho sindikayika kuti ku Chulu, ku Santhe ndi ku Wimbe aliko ana ngati wanga amene amangotchedwa osamva. Chimene chinatigwetsa ulesi n'chakuti akatswiri othandiza ana oterewa ali m'mizinda, ndipo kuchoka ku Kasungu kupita ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita oposa 120 pa msewu wa M1. Tinayesa katatu, koma mwana ankafika atalira m'minibasi njira yonse, moti polowa m'chipinda cha katswiri sankathanso kuphunzira chilichonse.

Ndinayamba chithandizo cha pafonichi ndili ndi chikayiko chachikulu, chifukwa ndinali nditawerenga kuti njira yotchuka yophunzitsira ana amenewa, imene imadziwika ndi zilembo zakuti ABA, inamveka kwambiri pambuyo pa kafukufuku amene Ivar Lovaas anafalitsa mu 1987 ku Los Angeles, ndipo ana a m'kafukufuku ameneyo ankaphunzitsidwa pafupifupi maola 40 pa mlungu, mwana aliyense ndi mphunzitsi wake. Tsiku loyamba ndinafunsa katswiriyo kuti mphindi 45 zingafanane bwanji ndi maola 40. Anandiyankha kuti, "Mayi, mwana wanu sindidzamuphunzitsa ine, ndidzaphunzitsa inuyo ndi onse a m'nyumba mwanu, chifukwa nthawi yosamba, yodya phala ndi yovala muli nayo tsiku lililonse." Mawu amenewa ndi amene anakwaniritsidwa, ndipo aliyense amene akuganiza kuti adzaika mwana patsogolo pa foni iye n'kupita kukaphika asataye ndalama zake.

Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa ndi kulemba m'kope zinthu zitatu nthawi iliyonse mwana akadzimenya mutu kapena kukuwa: chimene chinachitika asanayambe, chimene iye anachita, ndi chimene ife tinachita pambuyo pake. Patatha milungu iwiri tinawerenga kopelo limodzi, ndipo zinaonekeratu kuti kukuwa kochuluka kunkachitika chakudya chili pamoto, ndipo nthawi zonse wina ankamupatsa kachigumu kuti atonthole. Mosadziwa tinkamuphunzitsa kuti njira yopezera chakudya ndi kukuwa. Katswiriyo sanatidzudzule, koma anatisonyeza m'mene tingamupatsire njira ina yopemphera, yogwiritsa ntchito zithunzi, imene inayambitsidwa ndi Andy Bondy ndi Lori Frost ku Delaware m'dziko la America cha m'ma 1985. Mwana amapereka chithunzi cha chinthu chimene akufuna m'dzanja la munthu wamkulu, ndipo wamkuluyo amatchula dzina la chinthucho n'kumupatsa nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene ndinaona ubwino weniweni wa foni, umene ulendo wa ku Lilongwe sukanatipatsa. Katswiriyo ankaona nyumba yathu momwe ilili. Ankaona kuti ndowa ya madzi ili pansi pomwe mwana amadzitungira yekha popanda chifukwa chopemphera, ndipo anatiuza kuti tiikweze pathebulo. Ankamva wailesi ya oyandikana nawo ndi kuona m'mene mwana akusinthira nkhope ikakwezedwa. Pakati pa mlungu ndimamutumizira timavidiyo tamphindi imodzi pa WhatsApp, ndipo amandiyankha ndi mawu ojambulidwa, nthawi zambiri tsiku lisanathe, kundiuza kuti ndinafulumira kuthandiza mwana kapena kuti ndinalankhula mawu ambiri nthawi imodzi. Mwezi wachitatu mwana anandipatsa chithunzi cha kapu popanda womugwira dzanja, ndipo mwezi wachisanu ndi chimodzi anatchula mawu akuti "madzi". Lero ali ndi mawu osakwana 10, ndipo sindinganene kuti zonsezi zachitika chifukwa cha chithandizochi chokha, popeza ana amakula ndithu, koma kudzimenya mutu kwachepa kwambiri ndipo kope langa likuchitira umboni.

Ndimamuyamikiranso katswiriyu chifukwa cha m'mene analankhulira ndi apongozi anga, amene amakhala ndi mwanayu masana onse. Iwo ankaona kuti kugwira kapu n'kudikira masekondi 5 kuti mwana apemphe ndi nkhanza, ndipo anandiuza poyera kuti mdzukulu wawo si nyani woti aziyesedwa. Katswiriyo anapempha kuti alankhule nawo, anawapatsa moni mwaulemu, anawamvetsera mpaka anamaliza, kenako anati, "Agogo, inu ndi amene mumamudziwa bwino mwanayu kuposa tonsefe, ndiye mundithandize kudziwa chakudya chimene amachikonda kwambiri." Kuyambira tsiku limenelo agogo ndi amene amasunga zithunzi m'kachikwama kawo.

Zolakwika zilipo, ndipo zina si zazing'ono. Zithunzi zoyamba zimene kiliniki inatitumizira zinali za zakudya ndi zimbudzi zimene mwana wanga sanazionepo, moti tinachita kujambula tokha kapu yake, phala, nthochi ndi chimbudzi chathu, n'kukatsukitsa ku situdiyo ya pa boma ndi ndalama zathu. Mapepala onse a malangizo ali m'Chingerezi, choncho ndimakhala usiku kuwamasulira kuti agogo ndi mtsikana wotithandiza ntchito amve. Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta nyengo ya mvula, nthawi imene yatayika sabweza, ngakhale kuti ndalama timalipiriratu pafoni. Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika pamene katswiri wathu anapita kutchuthi ndipo wolowa m'malo mwake anandiuza kuti ndizigwira manja a mwana akayamba kuwakupiza. Ndinakana, chifukwa kukupiza manja sikuvulaza munthu ndipo ndi m'mene mwana wanga amadzitonthozera. Akuluakulu ambiri amene ali ndi otizimu adzudzula njira ya ABA pa chifukwa chomwechi, kuti nthawi zina imakakamiza mwana kuoneka ngati ana ena m'malo momuthandiza kufotokoza zosowa zake. Kiliniki imene ili ndi akatswiri awiri ophunzitsa zinthu zotsutsana iyenera kukhala pansi n'kugwirizana chimodzi.

Nkhani ya inshuwalansi ndi imene yanditopetsa kuposa zonse. Mwezi uliwonse amadula ndalama pa malipiro anga, ndipo ulendo wokaonana ndi dokotala wa ana uja analipira popanda vuto. Koma nditatumiza malisiti a chithandizo cha pafoni, anandibwezera ponena kuti ndinayenera kupempha chilolezo ndisanayambe. Nditapeza kalata ya dokotala n'kupempha chilolezocho, anandiyankha kuti kuonana pa vidiyo sikuli pa mndandanda wa zimene amalipira, ndiponso kuti kuphunzitsa mwana kulankhula ndi nkhani ya sukulu osati ya chipatala. Yankho limeneli sindigwirizana nalo ngakhale pang'ono, chifukwa mwana amene akudzimenyetsa mutu pa simenti akavulala kampani yomweyo idzalipira zomusoka. Ku America makolo analimbana ndi nkhani yomweyi kwa zaka zambiri, ndipo pofika mu 2019 zigawo zonse 50 za dzikolo zinali zitalamula kuti makampani a inshuwalansi azilipira chithandizo cha otizimu. Kiliniki yathu inandithandiza polemba lipoti lofotokoza m'mene mwana akupitira patsogolo, koma inalakwitsa posandichenjeza tsiku loyamba kuti ndifunse kaye za chilolezo, pamene ikudziwa kuti makolo ambiri amakanidwa.

Kwa kholo limene lili ndi foni yojambula vidiyo, bandulo yokwanira ndi munthu wamkulu mmodzi amene amakhala ndi mwana tsiku lonse, chithandizochi ndikuchivomereza, koma lifunse kaye maphunziro a katswiriyo, lifunse ngati adzakhala yemweyo nthawi zonse, ndipo litenge yankho la inshuwalansi lolembedwa papepala lisanalipire kalikonse. Amene sangakwanitse kulipira adziwe kuti WHO ili ndi maphunziro aulere a pa intaneti a olera ana a zaka 2 mpaka 9 ochedwa kukula, amene anatulutsidwa mu 2022, ndipo zambiri zimene ndinapezamo n'zofanana ndi zimene katswiri wathu amandiphunzitsa, ngakhale kuti mulibe munthu wokuona n'kukukonza.

Ifeyo kuyambira mwezi watha tachepetsa kuonana ndi katswiri kufika kawiri pa mwezi, chifukwa ndalama zonse zikutuluka m'thumba mwathu. Kalata yachitatu yodandaula ku inshuwalansi ndinaipereka kudzera kwa akuluakulu a kuntchito kwathu, pamodzi ndi lipoti la kiliniki ndi masamba 6 a m'kope langa, ndipo yankho ndikuliyembekezerabe.